Ndandanda wa pa Filiji

Lachisanu madzulo Lesiba Molepo anabwera kuchokera ku mgodi, kumene amagonera sabata yonse, galimoto itadzaza mpaka kudenga. Mkazi wake Mosima anali pa windo la kukhitchini akutsuka makapu, ndipo atangoona katunduyo anadziwa kuti nkhani yake ya ntchito ija yayankhidwa.

Nkhaniyo inali yaifupi. Mkulu wake wa Mosima, Mmapula, ali ndi malo osokera mayunifolomu a sukulu ku Seshego: amayi asanu ndi awiri pa makina, wailesi yosazima, ndi tebulo lalitali lodulirapo nsalu. Mayi amene ankadula pa tebulolo anasamukira ku Pretoria, ndiye Lachiwiri Mmapula anaimba foni.

"Iwe Mosima, sizasi ukuikumbukabe, kapena manja anasanduka a madamu?"

"Ndikuikumbuka, Sesi."

"Ndiye Lolemba eyiti koloko ndikupeze pa tebulo. Ukapanda kubwera ndiika wina, usadzandilirire. Pali mayi wina akundigonera pakhomo tsiku ndi tsiku kufuna malo omwewo, ndipo ine ndatopa nako kukudikira."

Mosima anali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi. Anaphunzira kudula nsalu ali mtsikana, ndipo ankadula bwino moti aphunzitsi akafuna kutuluka ankamusiyira kalasi. Kenako anakwatiwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lethabo, anali atapita ku yunivesite mu Januwale, ndipo m'nyumba ya zipinda zinayi munangotsala Mosima ndi filiji yong'ung'udza. Lachiwiri lomwelo Mosima anamuimbira mwamuna wake kumuuza kuti akufuna kukayamba kwa Sesi. Lesiba anangoti, "Aa, nkhani yabwino imeneyo, Mama. Tiiganizire."

Tisamunamizire munthu. Lesiba sanakwezepo dzanja pa mkazi wake, ngakhale mawu sanakwezepo. Pa zaka makumi awiri ndi ziwiri za ukwati sanamukanizepo kanthu. Iye amangoiganizira nkhani, ndipo akatha kuiganizira pakhomo pamabwera chinthu. Mosima atafuna kubwerera ku ntchito koyamba, kunabwera apongozi ake odwala shuga kudzakhala zaka zisanu ndi chimodzi. Atamwalira apongozi kunabwera kumanga nyumba, ndipo amisiri amafuna wowayang'anira, si choncho? Nyumba itatha kunabwera kapinga ndi maluwa amene amafota ukangowasiya tsiku limodzi. Zonsezi zinali zinthu zabwino, n'chifukwa chake Mosima ankasowa pozikanira.

Tsopano Lesiba ankatsitsa katundu akuimba kanyimbo ka ku kwaya.

"Mama, tabwerani mudzaone! Mawa tikukatenga mwana."

"Mwana wa ndani, bambo a Lethabo?"

"Wathu! Kagalu. Mtundu wa Mabunu uja wa mutu ngati ndowa. Milungu isanu ndi itatu yokha chibadwire. Ndaona kuti mukusungulumwa muno chichokereni Lethabo, mpaka kufika poganiza zokakhala pa fumbi la ku Seshego. Ndiye ndati mkazi wanga asavutike ine ndili moyo."

Katundu ankangotuluka osatha. Thumba la chakudya lalikulu ngati la simenti, mbale ziwiri zachitsulo, lamba wa m'khosi ndi chingwe chake, timphasa tomwa mkodzo, botolo la mankhwala ochotsa fungo, fupa la labala, paketi ya tinyama touma tomunyengerera, ngakhale wotchi yakale yoti izigunda pafupi naye asamasowe amake. Chomaliza chinali khola la waya lopinda. Lesiba analitambasula n'kuliimika pakona ya khitchini, pakati pa filiji ndi khomo lotulukira kuseri. Bokosi limodzi lalikulu sanalitsegule. Analowa nalo m'galaja n'kulifunditsa lona.

Ku mgodi Lesiba ndi woyang'anira chitetezo, amene amaonetsetsa kuti aliyense wavala chisoti ndipo palibe waponda posayenera. Munthu wotere sangagule ngakhale galu popanda pepala. Anatulutsa m'chikwama ndandanda wokutidwa ndi pulasitiki n'kuumata pa filiji ndi timaginito tinayi, kamodzi pa kona iliyonse.

"Tamverani, Mama, n'zosavuta. Sikisi koloko m'mawa mumutulutse akakodze pa kapinga, paja pali mtengo wa ndimu. Eyiti koloko chimodzimodzi. Teni, thwelofu, thuu, folo, mpaka madzulo, maola awiri aliwonse. Akadya mumutulutsenso, akadzuka mumutulutsenso. Malo omwewo, mawu omwewo. Akachita mumupatse kanyama, kenako muchonge apa."

"Mpaka liti?"

"Miyezi inayi basi. Mwina isanu ndi umodzi. Kachikhodzodzo kake n'kakang'ono, sikadziwa kudikira. Mukaphonya kamodzi kokha ndiye kuti zonse zagwa, tiyambirenso."

"Nanga Lolemba? Ndinakuuzanitu za kwa Sesi."

"Ee, ee, sindinaiwale. Tikuiganizira." Anatenga foni ya Mosima pa tebulo, monga amachitira nthawi zonse, n'kuyamba kuikamo ma alamu. "Kuti musamavutike kuyang'ana wotchi."

Atatha anakwera pa mpando n'kukhomera kakamera pamwamba pa kabati. Anati n'koti azimuona mwanayo ali ku ntchito, ndipo kamamvanso mawu. Mosima anayang'ana kadiso kakudako. Kanaloza khola, inde, komanso kanaloza sinki, chitofu ndi khomo. Anatsitsa maso n'kuwerenga pansi pa ndandanda, pomwe panali malamulo asanu. Lamulo lachitatu linalembedwa ndi inki yofiira: Osatsegula khola iye akulira. Dikirani akhale chete, kenako mutsegule.

Loweruka m'mawa anapita ku mapuloti kunja kwa Polokwane, kwa mayi wina wachibunu woweta agalu amene aliyense amangomuti Tani Ria. Anali mayi wamfupi wa kabudula wa khaki, ndudu pakamwa, ndipo Chipedi chake, chiyankhulo cha kumeneko, chinali cha kumunda, chosadziwa kuti uyu ndi bwana kapena ndani.

"Ndi ameneyu," anatero, atanyamula kagalu ka bulauni pa chikopa cha pakhosi. "Wadyera kuposa abale ake onse. Gwira, mami."

Anakaika m'manja mwa Mosima asanakonzeke. Kanali kolemera kuposa mmene kankaonekera, kofunda, konunkhira mkaka, ka mapazi aakulu osayenerana nako. Kanamununkhiza pakhosi, kanayasamula, n'kugona pomwepo. Mosima anachoka kunyumba atalumbira mumtima kuti sakakakonda. Zinakanika, ndipo zinamukwiyitsa.

Lesiba anali atasankha kale dzina, Tshipi, kutanthauza chitsulo, poti iwo ndi a ku mgodi. Anatulutsa kabuku ndi cholembera n'kuyamba kufunsa za khola, makamaka za kawaya kotchinga pakati.

"Khola lisakule," anatero Tani Ria. "Aime, atembenuke, agone, basi. Ukamupatsa malo ambiri amasankha kona n'kuisandutsa chimbudzi. Akamakula uzisuntha chotchingacho pang'onopang'ono, iye osadziwa n'komwe." Anakoka ndudu. "Ukachita bwino, pakatha miyezi ingapo chitseko uchotse n'kutaya. Amalowa yekha. Anga onse ukuwaonawa palibe amene ndimamutsekera."

"Mwamva, Mama?" anatero Lesiba, akulemba mosangalala.

"Nanga masana azikhala naye ndani?" anafunsa Tani Ria.

"Mama ali pakhomo."

"Ndikuyamba ntchito Lolemba," anatero Mosima. Mawuwo anatuluka okha, aang'ono, iye atayang'ana galu osati anthu.

Tani Ria anayang'ana mkazi, anayang'ana mwamuna, n'kuponda ndudu yake pansi. "Ndiye usamutsekere tsiku lonse, ameneyo si nkhuku. Yala manyuzipepala m'khitchini, muikire madzi, tseka chitseko cha khitchini, zipita. Achedwa kuphunzira, ukolopa mpaka utukwane, koma safa. Amayi anga analera agalu ambirimbiri pa nyuzipepala."

Lesiba anaseka kaulemu. "Zimenezo n'zachikale, Tani. Ife tili ndi dongosolo."

Dzuwa litapendeka tsiku lomwelo anamulowetsa Tshipi m'khola koyamba. Chitseko chitangotsekedwa anayamba kulira kulira kopyoza m'makutu, akukanda waya ndi timiyendo takutsogolo. Mosima anagwada kuti atsegule. Lesiba anamugwira pa mkono mofatsa, monga amamugwirira powoloka msewu.

"Lamulo lachitatu, Mama."

"Koma akuopa, bambo a Lethabo. Dzulo lomweli amagona ndi amake."

"Ndikudziwa, inenso zikundipweteka. Koma mukatsegula pano aphunzira kuti kulira kumatsegula zitseko. Tiyeni tingodikira."

Anadikira. Lesiba anatenga foni n'kumawerenga za mpira. Tshipi analira mphindi makumi awiri ndi zisanu, mpaka mawu anasasa, kenako anagwetsa mutu pa mapazi n'kungoti zii, akupuma mwabefu. Apo Lesiba anatsegula khola, anamusisita pamutu, n'kumupatsa kanyama. Tshipi anadya n'kunyambita dzanja lomwe linamutsekera lija.

"Mwaona? Mawa alira mphindi khumi. Mkuja zisanu. Sabata yamawa salira n'komwe."

Lamulungu Mosima sanapite ku tchalitchi, poti mapemphero amatenga maola atatu pamene chikhodzodzo cha Tshipi chimatenga awiri. Lesiba anapita yekha atavala jekete lake la kwaya. Foni inalira eyiti koloko, inalira teni, inalira thwelofu. Nthawi iliyonse Mosima ankasiya chomwe wagwira, kunyamula galu, kuthamangira pa mtengo wa ndimu, kunena mawu aja, kupereka kanyama, kubwerera, kuchonga pa filiji. Pofika masana miyendo inkadzuka yokha mutu usanamve kuti foni yalira. Anazindikira zimenezi ali kale pa kapinga, supuni ya msuzi ili m'manja.

Atadya nkhomaliro analimba mtima.

"Bambo a Lethabo, mawa ndikupita kwa Sesi."

"Wakuletsani ndani, Mama? Chipata si icho?"

"Musandiyankhe choncho. Galuyu mwamugula dala."

"Dala? Mphatso imeneyi?" Lesiba anaika foloko pansi, nkhope yodandaula. "Ine ndimakhala pansi pa nthaka sabata yonse kuti inu mukhale pa mthunzi. Mukusowa chiyani m'nyumba muno? Tchulani chimodzi, mawa lomwe ndikagule."

"Sindikusowa chogula."

"Nanga?"

Anafuna kunena kuti akusowa kutopa ndi ntchito yakeyake. Akusowa kupanikizana ndi anthu mu minibasi, kukalipiridwa ndi Mmapula, kumva wina akukuwa kuti "iwe Mosima!" m'malo mwa Mama wofatsa uyu wa tsiku ndi tsiku. Koma m'malo mwa mawu kunabwera misozi. Analira mokweza, pakamwa yasa, kulira komwe anali asanalirepo chimwalirire mayi ake.

Lesiba sanakalipe. Anaimirira, anatenga ndowa, n'kupita kukatsuka galimoto. Mosima ankamumva pa windo akuimba kanyimbo kake kaja. Analira mpaka mutu unawawa, mpaka misozi inatha yokha, n'kungokhala pa mpando atayang'ana pansi. Atakhala chete sipanathe mphindi ziwiri chitseko chinatseguka. Lesiba analowa atanyamula bokosi lija la m'galaja.

"Ndimafuna ndidzakupatseni pa tsiku lanu lobadwa, koma landirani lero."

Anali makina osokera atsopano, amagetsi, oyera mbee, okhala ndi kagalasi kowala kutsogolo.

"Muzisokera konkuno, m'chipinda cha Lethabo. Kopanda fumbi, kopanda Mmapula wokukalipirani. Muyambe ndi chophimba cha khola la Tshipi. Akuti mukamuphimba kuti mukhale mdima sachedwa kutonthola." Anamusisita paphewa.

Mosima anamva kuzizira kuchokera paphewa pomwepo mpaka m'mawondo. Bokosi limeneli linabwera Lachisanu, galimoto imodzi ndi khola. Ndiye kuti munthuyu anadziwiratu kuti kudzakhala kulira, anadziwa kuti adzadikira panja, ndipo anakonzeratu choti adzapereke kukakhala chete. Anakumbukira mphete ya golide imene inabwera apongozi atangofika, ndi ulendo wa ku Durban pamene amayamba kumanga. Nthawi iliyonse analira pang'ono kuposa nthawi yapitayo. Koma chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti pakamwa pake panatuluka mawu oti, "Zikomo, bambo a Lethabo," asanawaletse.

Lolemba Lesiba ananyamuka m'mamawa monga mwa Lolemba lililonse, atamupsompsona pachipumi. Za Seshego sanazitchule. Sikisi koloko foni inalira, Mosima anamutulutsa Tshipi, ndipo Tshipi anakodza pa mtengo wa ndimu ngati galu wophunzira. Mosima anachonga. Kenako anatenga mpeni wa tebulo, anamasula chitseko cha khola n'kuchilowetsa kuseri kwa filiji. Anayala manyuzipepala a mpira a mwamuna wake khitchini yonse, anadzaza mbale ya madzi, anaika chakudya, fupa la labala ndi wotchi ija. Zonsezi anazichita osakweza maso ku kabati, ngakhale kumbuyo kwa khosi kunkamuyabwa.

Anavala diresi la buluu. Pansi pa sutikesi anatulutsa sizasi yake yakale yokulungidwa m'kansalu, ndi tepi yomwe manambala ake oyambirira anali atafufutika. Atatseka chitseko cha khitchini Tshipi anayamba kulira. Anamumva ali pa khonde, anamumvabe atafika pa nyumba ya pakona. Anadziona woipa, munthu wopanda mtima, wochitira kamwana zomwe iye mwini akuzithawa, ndipo kawiri konse anaima mu msewu asanapitirire.

Nyumba yawo ili mumpanda umodzi ndi nyumba zina mazana awiri, waya wamagetsi pamwamba, chipata chimodzi. Magalimoto amatsegula ndi kabatani. Oyenda pansi amadutsa pa kachipata ka zitsulo zozungulira, poika chala pa kagalasi. Nthawi imeneyo amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu ankalowa mondondozana, aliyense chala pa kagalasi, nyali yobiriwira, kulowa. Wotuluka anali Mosima yekha. Anaika chala, nyali inayaka yofiira. Anachipukuta pa diresi n'kuikanso. Yofiira. Anayesa cha dzanja lina, chimodzimodzi.

Mlonda, mkulu wa imvi dzina lake a Mashilo, anatuluka m'kanyumba kake kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mayi Molepo? Lero wapansi? Galimoto yafa?"

"Galimoto ndi ya abambo, a Mashilo. Chinthu chanuchi chikundikana."

A Mashilo analowa, anayang'ana pa kompyuta, anatuluka akukanda m'mutu. "Mama, chala chanu mulibe muno. Muli cha abwana, cha mwana wanu Lethabo, ndi cha mkulu uja amadula kapinga. Chanu sichinalembedwe."

"Zaka zisanu ndi zinayi ndikukhala muno!"

"Ee, koma mumatuluka m'galimoto ndi abwana. Inetu ndimakuonani, mumandibayibitsa."

Zinali zoona. Kogula zinthu, ku tchalitchi, ku maliro, kokonzetsa tsitsi, konseko ankapita Loweruka kapena Lamulungu atakhala pa mpando wakutsogolo. Zaka zisanu ndi zinayi sanatulukepo mumpandamo ndi mapazi ake, ndipo sankadziwa mpaka makina anachita kumuuza.

"Ndiye chilembeni tsopano, ndi ichi."

"Kulemba chala kumafuna mwini nyumba asainire, Mama."

"Chabwino, ingonditsegulirani."

"Lamulo likuti munthu amene mulibe muno ndiyambe ndaimbira mwini nyumba. Pepani kwambiri. Kamera iyo ikuonera ine, ndingataye ntchito ndi imvi zangazi."

Amayi olowa aja anali atachepetsa liwiro. Wina ananong'oneza mnzake mokweza dala kuti, "Taonani, madamu akupempha chilolezo," ndipo anaseka. A Mashilo anaimba, foni ataiika poti onse amve, ndipo mawu a Lesiba anatuluka odekha ngati a m'busa.

"Aa, a Mashilo, zoona mukufunsa ine? Mkazi wanga si mkaidi. Mutsegulireni msanga. Koma mundipatsire kaye."

A Mashilo anadina batani, nyali inasanduka yobiriwira, n'kumupatsa Mosima foni.

"Mama, mwafika pa chipata? Muyende bwino, ine sindikukuletsani. Ndaima kaye m'mbali mwa msewu kuti ndimuone mwanayu. Ndangofuna mumve."

Mu foni munamveka kulira kwa Tshipi kuchokera pa kakamera kaja, mawu osasa, ndi zikhadabo zikukanda chitseko cha khitchini. Lesiba anangokhala chete n'kumusiya amve. Mosima anaima dzanja lili pa chitsulo chozizira. Kubwerera kunyumba kunali mphindi khumi zokha. Akanatha kukamunyamula, kumutonthoza pang'ono, kenako n'kunyamukanso. Koma ankadzidziwa. Akakangomunyamula, eyiti koloko imupeza pa mtengo wa ndimu, ndipo chaka chamawa chidzamupezanso pomwepo.

"Bambo a Lethabo," anatero Mosima, "lamulo lachitatu munalemba nokha."

"Mama, tamverani..."

Anabweza foni kwa a Mashilo n'kukankha zitsulo ndi chifuwa. Zinazungulira, zinamutulutsa, n'kudzitseka kumbuyo kwake.

Wina angaganize kuti kunjako anamva kukoma. Ayi ndithu. M'kamwa munali mowawa, m'makutu mukulirabe galu. Mu minibasi anamukankhira ku mpando wakumbuyo, pakati pa amayi awiri onenepa, wina atanyamula ndowa ya mandasi pamiyendo. Foni yake inalira m'chikwama kasanu, Lesiba akuimba, iye osaigwira. Atangodutsa masitolo omaliza a m'tauni inalira alamu ya eyiti koloko, ndipo thupi lake linadzambatuka kufuna kuimirira. Linasowa kolowera.

"Mukutsika, Mama?" anafunsa wa mandasi.

"Ayi."

"Ndiye khazikikani, mukundiponda chala changa chodwala."

Mosima anapepesa, koma mumtima anawathokoza amayi awiriwo chifukwa cha kunenepa kwawo.

Anafika ku Seshego mphindi makumi awiri zitapitirira pa eyiti koloko. Mmapula anali pakhomo manja m'chiuno, tepi ili m'khosi, ndipo pa benchi panja panakhala mayi uja wofuna malo, chikwama pamiyendo.

"Madamu afika! Tiyale nsalu pansi apondepo?" Anatembenukira kwa mayi wa pa benchi. "Pepani mayi, mwaona nokha, wabwera. Mudzayesenso ulendo wina." Kenako kwa Mosima, motsitsa mawu: "Ndinamuuza adikire mpaka hafu. Wapulumuka ndi mphindi khumi, iwe. Nanga maso atupa chiyani? Usandiuze, sindikufuna kukwiya m'mawa uno. Lowa."

Pa tebulo panali mpukutu wa nsalu ya buluu, choko, ndi makatoni odulidwa kale a masiketi a ana a sitandade wani. Mosima anayala nsalu n'kuisalaza ndi chikhatho. Siketi yoyamba inatuluka yokhota. Mmapula anaikweza m'mwamba kuti onse aione, n'kufunsa ngati pali mwana wa mwendo umodzi waufupi amene angaivale. Amayi a pa makina anaseka, Mosima nayenso anaseka, koyamba chiyambire Lachisanu. Yachiwiri inawongoka. Pofika yachisanu sizasi inali ikuyenda yokha, ikulira kulira kwake kwakale pa thabwa, ndipo kwa kanthawi anaiwala kuti kuli khitchini kwinakwake.

Teni koloko foni inalira.

Anangozindikira ali pakhomo. Sanakumbuke kuti wachoka liti pa tebulo. Sizasi inali ku dzanja lamanja, lamanzere likufufuza kanyama m'thumba la diresi. Kutsogolo kwake kunali msewu wa fumbi, mulu wa matayala akale ndi mbuzi ya wina ikudya katoni. Makina onse anali atasiya kusoka.

"Iwe, ukupita kuti ndi sizasi?" anakuwa Mmapula. "Ukukabaya ndani?"

"Ndi nthawi yake."

"Ya ndani?"

Mosima anabwerera kukatenga foni kuti aitontholetse, ndipo anapezamo uthenga wa Lesiba. Chinali chithunzi cha khitchini yake chojambulidwa kuchokera pamwamba pa kabati. Manyuzipepala anali ong'ambikang'ambika, pafupi ndi khomo panali kadziwe ka mkodzo, mbale ya madzi itagudubuzika. Ndipo m'khola lopanda chitseko lija Tshipi anali atadzipinda, mutu pa mapazi, ali m'tulo. Pansi pake Lesiba analemba kuti: Taonani, Mama. Walowa yekha. Tionana Lachisanu.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Mmapula anabwera n'kusuzumira paphewa pake.

"Kagalu kokongola. N'kako?"

"Kanga."

"Nanga ukuliranji?"

Akanamuuza bwanji? Faifi koloko ikakwana adzakwera minibasi. A Mashilo adzaimbanso foni kuti amulowetse, Lesiba adzavomera mwaulemu, ndipo iye adzalowa ndi mapazi ake popanda womukankha, n'kugwada kukolopa, Tshipi akumunyambita m'manja. Mawa m'mawa nyali idzayakanso yofiira. Anachita mantha, mantha enieni, chifukwa sankadziwa kuti adzakwanitsa kukankha zitsulo zija masiku angati.

Anaika foni m'katoni ya zidutswa za nsalu n'kuikwirira pansi penipeni.

"Sesi, thwelofu koloko iliranso."

"Ndiye bwanji osangochizimitsa chinthucho? Bweretsa kuno ndichithire madzi."

"Ngakhale muzimitse, miyendo ikuidziwa kale nthawi." Mosima anatola choko, anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Mukandiona ndikulowera kukhomo, mundigwire diresi. Ngakhale ndilire, musandisiye."

Mmapula anamuyang'ana mng'ono wake. Kenako anazula chingwe cha makina ake kukhoma, anaitana amayi awiri kuti amuthandize kunyamula, ndipo anakawaika pakati pa tebulo lodulira ndi khomo. Anakoka mpando wake, anakhala, n'kuyambanso kusoka.